Mbale ya Rafiq

Ine Chrissie vuto langa ndi limodzi: sinditha kusiya chinthu mmene ndachipezera. Amayi ankanena kuti pakamwa pangapa padzandipachika, ndipo zachitikadi, kuno ku Oadby, kwa Angelezi, m'nyumba yosamalira okalamba imene ndagwiramo ntchito zaka zinayi.

Bambo Naeem anabwera mwezi wa Malichi, mutu utayamba kale kusokonekera. Munthu waulemu, wa ndevu zoyera, koma pa chakudya, ayi ndithu! Ukawaikira mbale ankangoiyang'ana, manja ali pamaondo. Mwana wawo Mehreen, amene amagwira ntchito mu famase ku Highfields, ndiye anandifotokozera. Kwawo kutabuka nkhondo yapachiweniweni, bambo akewo ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, anapatsidwa boti ndi asilikali asanu ndi mmodzi kuti akalowe padoko mbandakucha n'kuphwanya mizinga imene inali pakhoma. Akuluakulu anati khomo la doko n'lotsegula. Bodza lenileni. Adani anali atatchinga ndi unyolo waukulu pansi pa madzi, boti linakodwa pomwepo ngati mbewa pa diwa, ndipo mizinga inaliwomba mosapupuluma mpaka linamira. Amene anafika kumtunda ndi Bambo Naeem okha.

"Mkulu wa boti sadya anthu ake asanakwane," anatero Mehreen. "Akuwadikirira."

M'mawa wina ndikuyala bedi, ndinawamva akuitana mayina, maso ali pakhomo. "Yusuf!" Zii. "Yusuf!" Chisoni chinandigwira, ndinangoyankha ndi mawu aakulu, "Ndilipo, bwana!" Anagwedeza mutu n'kupitiriza: Karim, Anwar, Salim, Jamal. Onsewo ndinawayankhira. Atamaliza ananyamula supuni, phala lonse psiti! Ndinatsala pang'ono kuvina mukolido. Manijala wathu Charlotte anazilemba m'fayilo yawo kuti aliyense wa pashifiti azitero, ndipo m'miyezi itatu madalawo masaya anabwerera.

Ndikanasiyira pomwepo. Koma ine, mwana wa ku Ntcheu, ndinayamba kuwerenga zala. Asilikali anali asanu ndi mmodzi, mayina akutuluka asanu. Kwathu sudumpha munthu pogawa chakudya, ngakhale amene unayambana naye dzulo. Ukatero amati ndiwe mfiti. Ndinati n'kuiwala kwa matendawa basi, ndiwathandize. Mehreen anabweretsa chithunzi chakale, ndipo kuseri kwake kunali dzina lotsalalo, Rafiq. Iye anati sanawamvepo bambo ake akulitchula. Apo mpamene munthu wanzeru akanaima kaye.

Lachitatu m'mawa, atangoti "Jamal!" ndinayankha, kenako ndinawonjeza, "Rafiq nayenso alipo, bwana."

Supuni inagwa pansi. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mpando wopanda munthu umene unali pafupi ndi windo.

"Watuluka m'madzi?" anafunsa. "Thabwa linali limodzi, Rafiq. Silikanatinyamula tonse awiri. Ndinakuponda zala, ndikudziwa. Unandiitana dzina langa, ndikudziwa."

Mayo ine! Anatenga mbale ndi manja awiri n'kuikankhira kumpando kuja. "Idya," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo sanalawenso kanthu. Ndinayesa zonse, anthuni. Ndinabweretsa mbale ziwiri. Zonse anapereka kwa Rafiq, akuti munthu wakhala zaka makumi asanu osadya. Ndinachotsa mpando, iwo anaika mbale pansi. Ndinawauza mosabisa kuti ndine Chrissie, wogwira ntchito, ndinanama, Rafiq kulibe. Anandiyang'ana ngati ndine wamisala. "Ndamumva ndi makutu angawa," anatero. Zinthu zonse amaiwala pasanathe mphindi khumi, ngakhale dzina la mdzukulu wawo, koma ichi chokha chinakanirira.

Dokotala anabwera, koma madalawo anasaina kale mutu ukugwira kuti asadzawadyetsere m'chubu. Charlotte sanandikalipire, anangoti palibe akanadziwa. Bola akanandikalipira. Mehreen ndiye anandipeza pamalo oimika magalimoto, maso ali psuu.

"Zaka zonsezi Rafiq anamusiya kunja dala," anatero. "Kuti athe kumeza. Inu mwamulowetsa."

Ndinakwera basi yobwerera ku Highfields, kumene ndimakhala, ndikulira ngati mwana, anthu akuyang'ana kumbali mwa Chingelezi chawocho. Kutchalitchi anandipempherera, Mayi Hazel, mkulu wa chigwirizano chathu, anandiuza kuti ndinachita ndi mtima wabwino. Mtima wabwino wa chiyani, munthu akutha ndikuona?

Tsiku la khumi ndi chimodzi sankathanso kudzuka. Ankangolandira madzi a pathonje lonyowetsera milomo. Masana ndinakonza phala lamadzimadzi, ndinathira uchi, ndinakhala pambali pa bedi pamene panali mpando uja. Ndinaganiza kuti poti Rafiq ndinamubweretsa ndine, ndimulankhulitsenso ndine. Ndinatsitsa mawu.

"Bwana, ndine Rafiq. Ndakhuta. Ndakukhululukirani. Idyani tsopano."

Anatsegula maso. Kwa nthawi yoyamba m'masiku onsewo anamwetulira. Ndinabweretsa supuni pafupi ndi pakamwa. Dzanja lawo, mafupa okhaokha, linakwera n'kugwira mkono wanga, n'kuubweza pang'onopang'ono mpaka supuni inagunda milomo yanga.

"Ukunama," ananong'ona. "Unali wamanyazi kuyambira kale. Idya ndikuone."

Mehreen anali ataima pakhomo, chikwama chili m'manja. Ndinamuyang'ana kuti andiuze chochita, koma anangotseka maso.

Ndinadya phala lonse, supuni imodziimodzi, iwo akundiyang'anira mpaka mbale inayera.