Malata Opindika a Golosale Yanga

Mphepo ya mu Januwale 1986 inasasula denga la golosale yanga pa Nguludi, malata n'kukagwera m'minda ya eni atapindikapindika. Sindinalire kwambiri, poti malemu amuna anga anandisiyira inshuwalansi, ndipo chaka ndi chaka ndinkakwera basi kukalipira ku Limbe.

M'mawa mwake anzanga akutchalitchi anafika ndi mitengo ndi udzu. Pofika madzulo anali atafolera, shuga ndi sopo n'kupulumuka. Nanga ndikanawathokoza ndi chiyani? Ndinawagawira malata opindikawo.

Wa inshuwalansi anabwera mwezi utatha, bambo watayi, nsapato zosadziwa matope. Anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana ine.

"Mayi Bibiana, ife tinalemba nyumba yamalata. Iyi ndi yaudzu."

"Eya, ndi yaudzu! Mumafuna katundu anyowe podikira inu?"

"Kufolera simunalakwe. Koma owonongekawo ali kuti? Timalipira malata amene tawaona, ndipo tikalipira amakhala athu."

Ha! Zimenezi polandira ndalama zanga sankazinena. Ndinamuuza kuti mboni ndi mudzi wonse. Iye akuti ufulu wokadandaula ku ofesi ndili nawo, koma popanda malatawo ndingotaya ya basi. "Asonkhanitseni, ndibweranso Lachisanu."

Zinandinyansa, koma udzu suchedwa kuwola, ndipo denga latsopano pandekha sindikanalitha. Ndinachotsa manyazi n'kuyamba khomo ndi khomo. A Mikaele anali atatsekera khola la nkhumba, anazula osandiyang'ana. A Selestina anandiponyera awo pabwalo. "Mukanatiuza kuti n'zobwereka!" Ineyo, mayi wamkulumkulu, kulanda mphatso dzuwa likuswa mtengo!

Malata ambiri anali kwa a Nabanda, mayi wamasiye amene anasenza udzu kuposa aliyense. Ndinapeza atawongola onse, atafolera kanyumba kawo n'kutsindira ndi miyala. M'katimo mwana wawo ankatsokomola, ndipo kuphiri kunali kutada.

"Fikani, amake Eluby," anatero a Nabanda akundiyalira mphasa. "Mwaona? Chaka chino tikugona pouma."

"Ndaona. Ndimangodutsa ine."

Lachisanu bambo uja analipira ochepa amene anawaona, n'kuwakweza pagalimoto. Malata atsopano anangokwanira mbali ya kauntala. Kuchipinda chakumbuyo kumene ndimagona kukudonthabe, ndipo a Selestina sopo akugula kugolosale ya a Shabani.