Muyeso wa Diresi la Abwana

Kunyumba onse ankamuitana kuti Abwana, chifukwa nyumba yonse inkayendera iye. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wobadwa ndi vuto la mu ubongo lolimbitsa minofu. Manja ndi miyendo yake zinkangopindika ndi kukankha zokha. Bambo ake anali telala wodziwika, koma mwana wawo yekhayu anali asanamuyezepo bwino. Ngakhale ali m'tulo, tepi ikangomukhudza ankadzidzimuka n'kudzipinda. Madiresi ake ankasokedwa mongoyerekeza, ndipo atelala zinkawapweteka mumtima.

Tsiku lokajambulitsa mutu wake kuchipatala, adokotala anafotokoza kuti makinawo safuna munthu wogwedezeka, choncho amupatsa mankhwala ogonetsa.

"Koma adzuka?" anafunsa atelala. Mantha anali atawagwira zenizeni.

"Adzuka, bambo. Ine ndikhala pomwepo kuyang'anira kapumidwe kake. Wadya liti?"

"Chidzukireni sanalawe kanthu, monga munanenera," anayankha amayi ake. "Watikwiyira tonse."

Pakhomo la chipinda cha makinawo namwino anawavula atelala tepi ya m'khosi, ati kachitsulo ka kunsonga kwake maginito a makinawo angakakoke. Atelala anamunyamula mwana wawo mpaka anagona, kenako anakakhala pabenchi manja ali lende.

Atamutulutsa, Abwana anali atagona chagada, miyendo yowongoka, zala zotambasuka. Atelala anali asanamuonepo ali phee chonchi, ndipo mtima unawathawa.

"Taonani pachifuwapo, akupuma bwinobwino," anatero namwino. "Zithunzi zatuluka bwino. Pakapita kamphindi adzuka."

Atelala anayang'ana chifuwa chikukwera ndi kutsika, kenako anayang'ana miyendo ija.

"Anamwino, tepi yanga ija ili kuti?"

"Inu bambo ake, mpaka m'chipatala muno ntchito?" anatero akazi awo, koma cholembera anali atatulutsa kale m'chikwama.

Namwino atawabwezera tepiyo, atelala anayeza phewa, mkono, chiuno, kutsika mpaka m'mawondo, mayi akulemba kuseri kwa envulopu. Mwanayo anali wamtali ndi zala zinayi zathunthu kuposa mmene ankaganizira. Atelala anaseka okha, misozi ili m'maso.

Akubwereza kuyeza mkono, zala za Abwana zinafumbata tepi ija zolimba. Maso anatseguka, mwendo unakankha bulangeti, ndipo kulira kwa njala kunayambika.

"Abwana alowa mu ofesi," anatero namwino.

Atelala sanalimbane ndi mwanayo. Tepiyo anamusiyira, muyeso unali utalembedwa kale.