Bambo Ogwira Denga

Tsiku lotsekera sukulu ana samva kanthu, mitu imakhala itapita kale ku tchuthi. Madamu a kalasi ya tiana ankazidziwa zimenezi, ndiye anakonza masewera: aliyense aimirire, aloze chimene chamuthandiza chaka chino, achiuze kuti zikomo. Ana a masiku ano, iwo ankatero, amalandira chinthu ngati akulanda.

Zinayamba bwino. Wina anathokoza bolodi, wina tsache. Kena kaulesi kanathokoza belu lowerukira, kalasi yonse n'kufa ndi chiseko. Kenaka anaimirira Kamlomo, mtsikana amene pakamwa pake sipankatsekeka. Anayang'ana pakati pa chipinda, pomwe panalibe munthu.

"Zikomo, bambo ogwira denga."

Madamu anaseka. "Bambo ake ati, iwe?"

"Awa aimirira apawa, manja m'mwamba. Agwira mtandawo."

Madamu anadikira kuti anzake amuseke, koma palibe anaseka. Onse anatembenukira pampata wa pakati pa madesiki, pamene ana ankapalambalala chaka chonse, Madamu osalabadira. Ndiye onse pamodzi, ndi mawu okoka aja a m'kalasi, anati, "Ziiikomo, baaambo."

Mtandawo Madamu ankaudziwa. Chiswe chinaudya kalekale, ahedi n'kumangoti tiona tikatsegulira. Tsopano kafumbi kanayamba kugwera pa desiki.

"Akumwetulira," anatero Kamlomo. "Akuti chiyambire palibe anawathokozapo, n'chifukwa chake sankachoka. Koma manja atopa. Mwatsala inu nokha, Madamu. Mukatero, azipita kwawo."

Madamu anachita mantha. Malata analira ngati wina wawaponda. Koma tiana totere ukatiuza kuti thawani, timapondana pakhomo, choncho analankhula modekha.

"Imani pamzere, gwiranani mapewa, tituluke ngati sitima. Zikwama zisiyeni."

Mzere utayamba kuyenda, anayang'ana pampata paja, manyazi onse atawathera. "Bambo," ananong'ona, "pirirani pang'ono. Ana a eni ake awa."

Fumbi linaleka kugwa.

Ana anatuluka mwachidodo, monga amachitira ana. Wina anabwerera nsapato, wina anaima pakhomo penipeni kuti akande mwendo. Madamu anatsalira m'mbuyo, ndipo podutsa pansi pa mtandawo anamva kupuma kwa wefuwefu pamwamba pa khutu lawo, ndi fungo la thukuta la munthu amene wasenza katundu nthawi yaitali. Zikomo anafika pamlomo penipeni. Anamumeza, n'kutuluka.

Anakawaimika ana kutali, kumpanda, n'kuwagwira mitu mmodzimmodzi. Onse analipo. Chipinda chinali chiimire, zii, zikwama zikuoneka pawindo.

Kamlomo anawakoka siketi. "Madamu, simunathokoze."

Madamu akanatha kukhala chete, denga n'kudikira amisiri. Koma anaganiza za munthu woimirira yekha m'chipinda chokiyidwa tchuthi chonse, manja m'mwamba, ndipo chisoni chinaposa mantha.

"Zikomo, bambo," anatero mokweza. "Kapumeni."

Ana anayamba kubayibitsa. Maso awo ankatsatira wina amene ankayenda pang'onopang'ono kuchokera pakhomo la kalasi, kudutsa pafupi ndi Madamu, mpaka kugeti. Anawo atatsitsa manja awo, denga linakhala pansi.