Soketi ya ku Kalabu

Fabiano ankangofuna soketi imodzi basi. Gitala anali nayo, yogula ku Limbe; ampulifaya anachita kulumikiza yekha ndi zipangizo za mawailesi akufa. Mlongo wake Teleza ankabangula ngati ng'ombe yoona mpeni, pomwe mnzawo Elson ankaomba ng'oma za tchopa mwaliwiro loti akuluakulu akanamulanda. Nyimbo zawo zinali heve meto, chamba chaphokoso chakunja chimene anachimva pa kaseti ya dalaivala wa ku Joni, koma iwo anathiramo tchopa, kwaya ya pamaliro ndi kulira kwa sailini ya fakitale. Vuto linali loti kumalaini kwa othyola tiyi kunalibe magetsi. Magetsi anali ku kalabu ya mabwana.

A Nyirenda, manijala wa esiteti, anakaniratu. Ati kalabu ndi ya masiniya, osati ana a m'malaini.

Ndiye atatuwo anakanyengerera mlonda wa pa nyumba ya pampu, pakati pa munda wa mtedza wa makademiya, kuti alumikize pamenepo. Gitala itangolira, anyani akuba mtedza, amene anali atatopetsa alonda ndi agalu omwe, analiyatsa liwiro mpaka kuphiri, ana ali kumsana.

M'mawa mwake a Nyirenda anafika akumwetulira, atanyamula nthambo yatsopano. "Muziimba pompano tsiku lililonse. Luso lotere lisafe."

Fabiano sanali mwana. Anaimbadi masiku angapo, kenaka anazula pulagi.

"Tili pa sitalaka, bwana. Anyani azimva nyimbo zathu, anthu ayi?"

Anyani anabwerera, ataitana ndi achibale a ku Khwethemule. Makoko a mtedza anati mbwee pansi pa mitengo. Posakhalitsa a Nyirenda anamuitanitsa mnyamatayo ku ofesi, nati Loweruka akaimbe ku kalabu, koma nyimbo ziwiri zokha. Fabiano anati a m'malaini alowenso. Bwanayo anayang'ana pawindo, pomwe nyani wamkulu anali kutafuna atakhala pa thirakitala, ndipo anavomera.

Loweruka masana Teleza anangobangula kamodzi. Masiniya ndi akazi awo anatulukira khomo la kukhitchini, ena matambula ali m'manja. Othyola tiyi anakankhira masofa kukhoma, navula magambutsi, tchopa inayambika.

Mwa mabwana onse anatsala a Nyirenda okha, zala m'makutu. Anasendera kwa Fabiano nakuwa: "Nanga Lolemba mubwerera kumunda kuja?"

Fabiano analoza khutu lake, kusonyeza kuti sakumva, nakweza voliyumu. Nyimbo yachiwiri inatha dzuwa litapendeka.