Injini Yokana Kutsika Mawu pa Purazi la Fodya

Damião anali atakonza mathirakitala kwa zaka makumi atatu pa purazi lina, famu yaikulu ya fodya, kufupi ndi tauni ya Concession, ndipo pa komboni palibe amene ankakayikira manja ake. Makolo ake anachokera ku Tete iye ali kumsana, ndipo anakulira pakati pa dizilo ndi girizi. Choncho Nasir, mnansi wake wogulitsa nsomba zouma, atamudandaulira kuti galimoto yake yaing'ono ikungozimazima pa mphambano, Damião anamuuza kuti aibweretse Lachisanu m'mawa. Galimotoyo inkayenera kunyamula Zaituni, mwana wa Nasir, kupita ku ukwati wake ku Shamva tsiku lotsatira.

Vuto analipeza msanga. Anamasula thirotulo, kholingo lija lomwe injini imakokera mpweya, n'kupeza kakhomo ka m'kati katamatidwa ndi mwaye wakuda bii. Anakatsuka bwinobwino mpaka chitsulo chinawala, anabwezeretsa zonse, n'kuliza. Injini inabangula ngati wina waponda moto, pomwe pa pedulo panalibe phazi la munthu. Muvi wa pa dashibodi wosonyeza liwiro la injini unakwera n'kukhala m'mwamba, osagwedera.

Anazimitsa, analizanso, zomwezo. Anayendetsa zala pa mapaipi onse a mpweya kufunafuna pong'ambika, anawapaka thovu la sopo, anamasulanso thirotulo kuti aone ngati gasiketi yotsekera mipata yakhala mopendekeka. Zonse zinali m'malo mwake. Anafunafuna kabawuti kotsitsira injini monga ka magalimoto akale, koma panalibe. Panali nthambo zamagetsi zokha. Nasir sanamudzudzule. Anangoima pambali akupukuta thukuta pansi pa kofia, n'kunena motsitsa kuti mkwatibwi sangayende msewu wa Shamva m'galimoto yofuna kuthawa yokha.

Dzuwa lili paliwombo, Everjoy anatsika kombi, minibasi ya anthu apaulendo, pa geti. Ameneyu anali mwana woyamba wa Damião, mtsikana wobwera ku ukwati wa Zaituni, mnzake wa paubwana. Kwa zaka zisanu ankagwira ntchito ya zamagetsi a magalimoto pa garaji ina ku Harare, ntchito imene bambo ake sanaionepo ndi maso ndipo sankaifunsa kawirikawiri. Anapereka moni mogwada pang'ono, anaika chikwama pa mwala, n'kupempha kuti alize kamodzi amve.

Anamvetsera atapendeketsa mutu. Kenako anayang'ana paliponse pomwe bambo ake anagwira, osafulumira, n'kufunsa ngati mwaye unali wambiri. Damião anamuonetsa kansanza kakuda.

“Baba, simunalakwitse kanthu,” anatero Everjoy. “Mwatsuka bwino kwambiri. Koma galimotoyi sikudziwa kuti mwatsuka.”

Damião anaganiza kuti mwanayo akumuseka, koma nkhope yake inali yosaseka. Everjoy anawafotokozera onse awiri kuti m'galimotomo muli kakompyuta komwe kamatsegula kakhomo kaja. Mwaye ukamaunjikana chaka ndi chaka, kakompyutako kamazindikira kuti mpweya ukuchepa, ndiye kamatsegula mowonjezera pang'onopang'ono, n'kusunga muyeso umenewo. Lero njira yayera, koma iko kakutsegulabe monga dzulo.

Anabwereka sipanala ya teni, anachotsa nthambo imodzi ya batire, n'kuuza aliyense kuti adikire. Luiza, mayi ake, anabweretsa maheu, ndipo anamwa ataimirira. Atabwezeretsa nthambo, anazimitsa wailesi, magetsi ndi chilichonse chodya moto. Anatembenuza kiyi osaliza, n'kuwauza kuti atchere khutu. Pansi pa boneti panamveka kaphokoso kakang'ono, tche, tche, kakhomo kakudziyesa kokha.

Everjoy analiza, anatuluka, n'kuletsa kuti wina asakhudze pedulo. Injini inabangula monga poyamba. Amayi amene ankaphika zaukwati kuseri kwa nyumba ya Nasir anabwera ndi mithiko m'manja. Damião analowetsa mutu pa windo, maso ali pa muvi.

Kwa nthawi yaitali sunasunthe. Injini itatentha, fani inazungulira n'kuima. Ndiye muvi unatsika pang'ono, ngati kukula kwa chikhadabo, n'kudikira. Unatsikanso. Unapitirira pansi mpaka injini inanjenjemera ngati ikufuna kuzima, kenako unadzikweza wokha pang'ono n'kukhazikika. Phokoso lonse lija linasanduka kung'ung'udza kofewa, moti nkhunda za pa denga la shedi ya fodya zinayamba kumveka.

Palibe amene anali ndi sipanala m'manja. Damião anayang'ana manja ake, anayang'ana injini, kenako mwana wake, amene ankangopukuta zala ndi kansanza ngati palibe chachitika. Moyo wake wonse chitsulo chinkamvera iye akachimanga kapena kuchimasula. Anali asanaonepo chitsulo chikufufuza chokha pomwe chiyenera kuima.

“Mwananga, zimenezi unaziphunzira kuti?”

“Kumvetsera ndinaphunzira kwa inu, Baba. Zinazo n'za kusukulu.”

Anaiyesa mu msewu wa fumbi wa pakati pa minda, Everjoy akuyendetsa, bambo ake ali pambali. Pa mphambano iliyonse ankaima, ndipo muvi unkabwerera pamalo pomwepo. Nasir anathokoza mpaka mawu anamuthera.

Loweruka Zaituni anapita ku Shamva, ndipo galimoto sinavute popita ngakhale pobwera. Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, Damião anatenga makiyi a shedi n'kupempha Everjoy kuti asafulumire kukwera kombi. Mu shedimo munali thirakitala yatsopano yokhala ndi kagalasi kolemba manambala, imene kwa miyezi inayi ankangoithira mafuta n'kuipukuta fumbi, osayerekeza kuitsegula. Anakoka kabenchi, anakhala, n'kumuuza kuti amuphunzitse kuyambira poyamba penipeni, ndipo asathamange.