Kalipentala Apala Manja Ake

Kalipentala anakhala pabenchi m'shopu mwake n'kumapala zikhatho zake ndi sandipepa, ngati akusalaza chitseko cha kasitomala wovuta. Mlamu wake atamupeza anaseka mpaka kugwira nthiti. Iye sanatukule n'komwe mutu, anangomutuma kuti akagule sandipepa ina poti iyi yatha.

Mwana wamkazi wa kalipentalayu anabadwa masiku asanakwane, kakhanda kosaposa botolo la guluu, ndipo mayi ake anali chigonere ndi bala la opaleshoni. Namwino ananena kuti ubongo wa mwana wotere umakhala ukumangidwabe, ndipo zomangira zake ndi zimene akumva: kutentha kwa khungu la kholo, fungo lake, mawu apansipansi. Ntchitoyo inagwera bambo. Tsono bamboyo, munthu wosaopa macheka, ankaopa manja ake omwe. Ankati akangomukhudza mwanayo amung'amba khungu lija lopyapyala ngati la anyezi.

Masana analowa m'wodi zikhatho zili psuu. Namwinoyo, mayi wachikulire wosachedwa kuseka, anaziyang'ana n'kupukusa mutu.

"Bambo, mwadzivulaziranji? Wotereyu sitimusisita ayi. Vulani shatiyo, agone pachifuwa, dzanja limodzi likhale phee pamsana pake."

"Ngati pomata matabwa?"

"Eya. Mpaka zigwirane."

Zimenezo ndiye ankazidziwa. Anakhala pampando osasuntha, ngakhale kakhandako kanayamba n'kuphiriphitha, timiyendo tikuponda m'malere. Mosazindikira anayamba kung'ung'udza kanyimbo kake kopalira matabwa, kamene mkazi wake anadandaula nako nthawi yonse ya mimba kuti kalibe mutu. Mwana anamasula tsinya. Mpweya wake unakhazikika, kakhutu kali gwa pachifuwa cha bambo ake.

Kenako kadzanja kanafufuza n'kupeza chala chachikulu chakumanzere, chokhacho chimene chinatsala chosapala. Kanachigwira pokhakhala pomwepo, osachisiya. Kalipentala anayang'ana wodi yonse ngati waigula. Chitseko chilichonse chimene anakhomapo chinamuchepera, ndipo misozi sanaibise.

Madzulo mlamu uja anafika pakhomo la wodi, sandipepa yatsopano ili m'thumba, n'kufunsa monong'ona ngati amalizitse ntchito ija. Kalipentala anatukula chalacho.

"Kaisiyeni kushopu, alamu. Mwini wake wachikonda chonchi."