Bambo Harold Agona pa Mapirogi

Ntchito yanga m'gulu lathu ndi ayezi. Anzanga ena amadziwa kubaya jakisoni, ena kuyendetsa makina. Ine, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, ndimangosunga matumba a ayezi m'chifiriji cha m'galaja kwathu, kunja kwa mzinda wa Detroit. Timakhulupirira, ena kwambiri ena pang'ono, kuti munthu akamwalira n'kumuziziritsa msanga, thupi lake n'kulisunga pozizira koopsa, mwina madokotala a m'tsogolo adzamudzutsa. Ine ndili kumbali ya okhulupirira pang'ono. Koma ayeziyo ndimasunga mokhulupirika.

Zimenezi a Verna Kuczynski sindinawauze. A Verna ndi mayi wamasiye wa nyumba yoyang'anana ndi yanga, ndipo chaka chino anayamba kundiitana kukadya nawo Lamlungu lililonse. Chimwalirire mkazi wanga Maxine, ndinali nditazolowera kudya choimirira pafupi ndi sinki. Sindinafune kuti mpando umene ndinaupeza kwa a Verna undipulumuke chifukwa cha nkhani za mitembo.

Tsiku lina pakati pa sabata firiji yawo inafa. Anabwera atasenza matumba oyera odzaza mapirogi, tizakudya tija ta ufa wa tirigu tokutira mbatata ndi tchizi, amene anaumba masiku angapo kukonzekera phwando la Lamlungu kutchalitchi kwawo.

"Aphunzitsi, mundisungireko awa. Iii! Ayezi yenseyu ngwachiyani? Mumagulitsa nsomba?"

"Ndimakonda madzi ozizira," ndinatero.

Anandiyang'ana monga ine ndinkayang'anira ana asukulu akamanama, koma sanafunsenso. Tinalowetsa matumba awo pakati pa anga.

Loweruka m'mawa ndinapita kukameta. Sindinadziwe kuti Lorne, mkulu wa gulu lathu, wakonza zoyeserera zadzidzidzi. Iye ali ndi kiyi wa galaja yanga, ndipo amakonda kutidzidzimutsa, akuti imfa nayo siyamba yaimba foni. Lamulo lake ndi limodzi: thumba lililonse loyera ndi lozizira, ng'amba, khuthulira m'bafa, kuyang'ana n'kutaya nthawi.

Pobwerera ndinapeza chitseko cha galaja chili pululu. Pakati panali bafa lathu lamphira, ndipo m'bafamo munagona chidole chachikulu ngati munthu chimene timaphunzirirapo, dzina lake Bambo Harold. Lorne ndi Dolores, mnzathu wina wa m'gulu, anali atagwada m'mbali. Pakhomo panaima a Verna, dengu lopanda kanthu lili m'manja.

"Mayi, tasunthani pang'ono," Lorne ankanena osatukula maso. "Mutu ndiwo timayamba kuziziritsa."

"Mutuwo ndauona, bambo. Ndikufunsa kuti mapirogi anga akutani m'khutu mwa munthuyu."

Lorne anayang'ana. Mapirogi anali akuyandama m'madzi, ena atamatirira pachipumi pa Bambo Harold, ena ataphulika kale. Anatola limodzi n'kulitembenuza.

"Kunena zoona, akugwira bwino ntchito," anatero. "Taonani mmene akukhalira pakhosi apa. Ayezi amaterereka."

"Lorne, tseka pakamwa," anatero Dolores.

A Verna anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, tiyeni panja."

Tinaima pafupi ndi galimoto, ndipo ndinawauza zonse: gulu lathu, matanki ozizira momwe matupi amasungidwa, ndi gawo langa laling'ono la ayezi. Ndinalankhula ndikuyang'ana tayala. Ndinali nditayamba kale kuganiza zimene ndizidya Lamlungu ndili ndekha.

"Ndiye a Maxine ali m'thanki?"

"Ayi. Anakana. Ankati moyo umodzi ndi ine wawakwana."

A Verna anagwira pakamwa, sindikudziwa ngati ankabisa kuseka kapena china. Sindinafufuze.

"Nanga inu?"

"Ine ndinalembetsa."

"Ndiye mukadzadzuka kumeneko, mudzapeza ndani wokudziwani?"

Ndinaganiza pang'ono. "Lorne."

"Ambuye akuchitireni chifundo," anatero. Kenako nkhope inasintha. "Zoti mukufuna kuuma ngati nyama ya gwape, imeneyo ndi nkhani yanu. Mlamu wanga amakhulupirira zoposa pamenepo. Koma ine ndakupatsani chakudya Lamlungu lililonse, inu n'kumandibisira zimene mumachita Loweruka? Mumationa ngati ana ife?"

"Ndinkaopa kuti musiya kundiitana."

Mawuwo anatuluka okha, ndipo ndinachita nawo manyazi. A Verna anabwerera pakhomo pa galaja n'kuwomba m'manja.

"Inu odzutsa akufa! Sambani m'manja, ndi sopo, kawiri. Phwando ndi mawa, ndipo mapirogi sadziumba okha. Mnzanuyo musiyeni, sathawa."

Masana onse tinali m'khitchini mwawo. Dolores ankasenda mbatata. Lorne anapatsidwa anyezi, ndipo analira kuposa mmene ndinamuonera pamaliro alionse. Ine anandikhazika patebulo kuti ndizitseka m'mphepete mwa mapirogi, koma anga ankangoyasama.

"Munthu wophunzira chonchi, kutsina ufa kukukanikani?" A Verna anagwira zala zanga n'kuzipanikiza pa ufawo. "Chonchi. Musamauope."

Anzanga atachoka, ndinatsala ndikupukuta mbale, ngakhale zinali zouma kale.

"Mawa mudzandinyamulira mapoto kutchalitchi," anatero a Verna. "Lamlungu linalo mubwere monga mwa masiku onse. Koma foni ya gulu lanulo muisiye kwanu."

"Imeneyo sindingathe, mayi. Ikalira ndiye kuti munthu akufadi, ndipo ayezi ali ndi ine."

A Verna anandilanda kansalu kopukutira mbale.

"Chabwino, mubwere nayo. Akaimba za munthu weniweni, ndidzakukulungirani chakudyacho. Koma akakhala Bambo Harold, adikire mumalize kudya."